Funsani Akatswiri: Nyumba Yosanja Ikaima Pakati pa Mzinda, Amaimaliza Ndani?

Mwezi uno tikuyankha makalata a owerenga amene afunsa za zigoba za nyumba zosanja zimene zinasiyidwa zisanathe. Oyankha ndi gulu lathu la zomangamanga: injiniya wa nyumba zosanja, katswiri wowerengera mitengo ya zomanga, ndi mlangizi wa za chuma cha makhonsolo.

Ndinaona pa Facebook zithunzi za nyumba zitatu zazitali za ku Los Angeles, zosatha, zolembedwalembedwa ndi penti mpaka pamwamba. Kodi m'dziko lolemera ngati America, nyumba ingaime bwanji pakati pa mzinda anthu n'kumangoiyang'ana? Mayi a ku Area 18, Lilongwe

Mayi, zimene munaonazo ndi Oceanwide Plaza, pa msewu wa Figueroa, moyang'anizana ndi bwalo la Crypto.com Arena. Ntchito inayamba mu 2015 ndipo mwini wake inali kampani ya ku Beijing yotchedwa Oceanwide Holdings. Pulani inali ya nsanja zitatu, imodzi ya nsanjika 49 ndi ziwiri za nsanjika 40, zokhala ndi nyumba zogona zogulitsa pafupifupi 500, hotela ya Park Hyatt, ndi masitolo pansi pake. Mu Januwale 2019 ntchito inaima, ndalama zoposa $1 biliyoni zitalowa kale m'nthaka ndi m'konkire. Ndalamazo zinkachokera ku kampani yaikulu ku China, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2016 boma la China linayamba kukhwimitsa malamulo otulutsira ndalama kunja kukagula malo ndi mahotela. Kampaniyo nayo inali italemedwa ndi ngongole zake.

Kulemera kwa dziko sikumaliza nyumba. Nyumba yosanja imamangidwa ndi ndalama zobwera pang'onopang'ono. Banki sipereka ngongole yonse tsiku limodzi: mwezi uliwonse imatumiza munthu wake kukaona ntchito imene yagwiridwa, n'kutulutsa ndalama zolingana ndi ntchitoyo. Ikaona kuti ndalama zotsala m'ngongole sizikwana kumaliza nyumba, imatseka mpopi kufikira mwini wake atawonjezera zake. Mwiniyo akalephera, kontirakitala wamkulu salipidwa, nayenso salipira a magetsi, a magalasi ndi a zikepe. Pakangotha milungu ingapo onse amanyamula zida zawo.

Kuyambira tsiku limenelo nyumba imayamba kudya ndalama ili chiimire. Chiwongoladzanja chikuwerengedwabe. Alonda, inshuwalansi ndi msonkho wa malo zikufunabe ndalama. M'mizinda yambiri ya ku America chilolezo chomangira chimatha mphamvu ntchito ikaima masiku 180, ndiye wobwera kudzamaliza angauzidwe kutsatira malamulo atsopano a zomanga, osati amene pulani inavomerezedwera. Chitsimikizo cha opanga zikepe, mapampu ndi magalasi chimatha katunduyo asanagwire ntchito n'komwe. N'chifukwa chake anthu oidziwa ntchitoyi amanena kuti kumaliza Oceanwide Plaza kungafune pafupifupi $1 biliyoni ina.

Penti munaonayo inabwera mochedwa, kumayambiriro kwa 2024, nyumba itaima kale zaka zisanu. Pamene anthu anayamba kulowa usiku, ena mpaka kudumpha pamwamba ndi maparachuti, m'pamene khonsolo inadzidzimuka.

Nanga bwanji khonsolo osangolanda nyumba yotereyi n'kugulitsa kwa amene ali ndi ndalama? Bambo a ku Chipata

Bambo, chigoba chotere chimakhala ndi eni ake ambiri kuposa amene dzina lake lili pa chikwangwani. Pali wobwereketsa ndalama amene anatenga malowo ngati chikole. Pali makontirakitala osalipidwa, amene ku America lamulo limawalola kulembetsa ngongole zawo pa malowo kuti asagulitsidwe iwo asanalandire. Aliyense amafuna khothi linene kuti iye ndiye woyamba kulipidwa, ndipo mkangano wa ndani ali patsogolo ungathe zaka. Khonsolo ikati ilande mokakamiza, malamulo a dzikolo amafuna kuti ilipire mtengo woyenera wa malowo. Ikatero yagula vuto ndi ndalama za anthu, ndipo ilibe $1 biliyoni yomalizira.

Chimene khonsolo ya Los Angeles inachita mu Febuluwale 2024 chinali chaching'ono: inalamula mwini wake kuti atchinge ndi kuyeretsa malowo, ndipo atalephera inavomereza ndalama pafupifupi $3.8 miliyoni zomangira mpanda ndi kuteteza nyumbayo, n'cholinga choti idzazitolere kwa mwiniyo. Mwezi womwewo kontirakitala wamkulu, Lendlease, pamodzi ndi ena amene sanalipidwe, anakasuma kuti kampani ya pulojekitiyo iikidwe m'manja mwa khothi loona za makampani ogwa. Njira imeneyi ndi imene imamasula mfundo: khothi lingathe kugulitsa malowo opanda ngongole zakale, ngongolezo n'kutsata ndalama za malonda m'malo motsata nyumba. Wogula wanzeru sabwera izi zisanachitike.

Ine ndine mmisiri womanga. Chigoba cha konkire chikakhala pamvula ndi padzuwa zaka zisanu kapena khumi, chingapitirizidwe, kapena n'chongogwetsa? Bambo a ku Ndirande, Blantyre

Bambo, zambiri zimapitirizidwa, koma palibe injiniya woona amene angakuuzeni zimenezo atangoyang'ana ndi maso ali pansi. Konkire yosakanizidwa bwino siopa mvula. Chimene chimaopa ndi zitsulo za mkati mwake.

Konkire yatsopano ili ndi mphamvu ya laimu yochuluka, pH yake (muyezo wa mphamvu ya laimuyo) imafika 12.5 kapena 13, ndipo imeneyi ndiyo imateteza chitsulo kuti chisachite dzimbiri. Mpweya wa carbon dioxide umalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja n'kumapha mphamvuyo. Ukafika pamene pali chitsulo, madzi ndi mpweya zimayamba ntchito yake. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, kawiri kapena kuposerapo, ndiye limakankha konkire kuchokera mkati. Poyamba mumaona kamng'alu kowongoka kotsata chitsulo, kenako madontho ofiirira, kenako chibanthu cha konkire chimagwa. Nyumba yomalizidwa imatetezedwa ndi pulasitala, penti ndi denga. Chigoba chilibe zonsezi, ndipo madzi amaima pa silabu nyengo yonse ya dzinja.

Kuyeza kwake sikovuta. Injiniya amasema kachibanthu pa nsanamira n'kupopera mankhwala a phenolphthalein pamalo osemedwa kumenewo. Pamene pasanduka pinki, konkire ikadali ndi chitetezo. Pamene sipanasinthe mtundu, mpweya wafikapo kale. Amayeza kuya kwa gawo losasinthalo ndi rula, n'kuyerekeza ndi kukhuthala kwa konkire yophimba zitsulo, imene pa nsanamira ndi mabimu imayenera kukhala mamilimita 25 mpaka 40. Ngati mpweya walowa mamilimita 10 ndipo chitsulo chili pa 35, pali mpata. Koma ngati amisiri sanaike timiyala totalikitsa zitsulo ndi matabwa pothira konkire, chitsulo chingapezeke pa mamilimita 10 okha, ndiye kuti chayamba kale kudyeka.

Mphamvu ya konkire imadziwika poboola ndi makina n'kutulutsa zitsanzo zobulungira za mamilimita pafupifupi 100 m'mimba mwake, zitatu kapena kuposerapo pa gawo lililonse lokayikitsa, n'kukaziphwanya ku labotale. Zotsatira zake zimayerekezedwa ndi zimene pulani inalamula, kaya ndi C25 kapena C30, manambala osonyeza mphamvu ya konkire. Musadalire nyundo ya Schmidt yokha, kachipangizo koyezera kuuma kwa konkire poigogoda kunja. Konkire imene mpweya walowa imauma kunja, ndiye nyundoyo imaonetsa nambala yapamwamba kuposa mphamvu yeniyeni ya mkati. Ntchito yake ndi kusonyeza malo oyenera kuboola, basi.

Tsopano zitsulo zotulukira pamwamba, zimene zinasiyidwa kuti adzalumikizire nsanjika ina. Zikwecheni ndi burashi ya waya mpaka ziwale, muyeze kukhuthala kwake ndi kalipa. Dzimbiri la pamwamba chabe silivuta. Koma chitsulo cha Y16, chokhuthala mamilimita 16, chikatsika kufika pa mamilimita 15, chataya pafupifupi 12 peresenti ya mphamvu yake, ngakhale kuti ndi maso chikuoneka chimodzimodzi. Vuto lina ndi akuba amene amadula zitsulozi ndi sowo n'kusiya tizitsa ta masentimita 20. Polumikiza zitsulo ziwiri moyandikana pamafunika kutalika kochulukitsa kukhuthala kwa chitsulo ka 40 mpaka 50, kutanthauza masentimita 64 mpaka 80 pa Y16. Pa kachitsa ka masentimita 20 simungalumikize. Njira zake ndi kuswa konkire ya nsanamira kutsika pansi mpaka chitsulo chokwanira chionekere, kugwiritsa ntchito zolumikizira za mazinga, kapena kuboola n'kudzala zitsulo zatsopano ndi guluu wa epoxy molingana ndi kuwerengera kwa injiniya. Kuwotcherera mwachisawawa kumafooketsa chitsulo, ndipo timakuletsani.

Nyumba zazikulu zili ndi zoopsa ziwiri zimene sizioneka kunja. Choyamba, masilabu ena amalimbitsidwa ndi zingwe zachitsulo zokokedwa mwamphamvu konkire itauma. Ngati ntchito inaima zingwezo zitakokedwa koma mipaipi yake isanathiridwe simenti yamadzi, madzi amalowa n'kukhala momwemo, ndipo chingwe chokokedwa chikadyeka chimaduka mwadzidzidzi. Chachiwiri ndi zipinda zapansi pa nthaka. Pomanga, mapampu amachotsa madzi a m'nthaka usana ndi usiku. Magetsi akadulidwa madzi amakwera, ndipo mita imodzi ya madzi imakankhira m'mwamba ndi mphamvu ya pafupifupi tani imodzi pa sikweya mita iliyonse. Nyumbayo inawerengeredwa kuti kulemera kwa nsanjika zake zonse kudzapondereza mphamvu imeneyi. Chigoba chosatha n'chopepuka, ndiye silabu ya pansi ingang'ambike kapena kutukuka. Pa chifukwa chomwechi, madzi odzaza m'chipinda chapansi sapopedwa onse tsiku limodzi injiniya asanawerengere.

Zaka zokha sizigamula mlandu. Ku Kraków m'dziko la Poland, chigoba chimene anthu ankachitcha Szkieletor chinayambidwa mu 1975, chinaima patangopita zaka zochepa, chinakhala choncho zaka pafupifupi 40, ndipo atachilimbitsa chinatsegulidwa mu 2020 ndi dzina la Unity Tower. Pamene ku Las Vegas hotela ya Harmon inali yatsopano, koma mu 2008 anapeza kuti zitsulo zinaikidwa molakwika pa nsanjika zingapo. Anachepetsa msinkhu wake kuchoka pa nsanjika 49, sinatsegulidwe n'komwe, ndipo anaiphwasula mu 2014 ndi 2015.

Ndimamva kuti makhonsolo a kunja amakhululukira misonkho anthu olemera kuti amalize nyumba zoterezi. Ine wogulitsa mu msika ndimadula tikiti tsiku lililonse popanda wondikhululukira. Chilungamo chili pati? Mayi a ku Mzuzu

Mayi, funso lanu ndi limene khansala aliyense ayenera kufunsa asanakweze dzanja. Nthawi zina thandizo la khonsolo limakhala loyenera, nthawi zambiri limaperekedwa kwa munthu amene akanamanga ngakhale popanda thandizolo. Kusiyanitsa kwake kuli m'masamu, ndiye tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza.

Tinene kuti nyumba ikatha idzakhala ya mtengo wa K10 biliyoni. Kuimaliza, kuphatikizapo kukonza zowonongeka, malipiro a akatswiri ndi chiwongoladzanja, kukufuna K8 biliyoni. Womaliza akufuna phindu la K1.5 biliyoni, poti akuika ndalama zake pachiswe. Chotsala ndi K500 miliyoni, ndipo umenewu ndiwo mtengo weniweni wa chigobacho lero, kaya mwini woyamba anathirapo zingati. Koma ngongole zomangirira pa malowo ndi K3 biliyoni, ndipo eni ngongolezo akukana kulandira zochepa. Apa wina amabwera ku khonsolo n'kunena kuti pali mpata wa K2.5 biliyoni, tithandizeni. Khonsolo ikavomera, ndalama za anthu zapita kukalipira banki imene inabwereketsa molakwika. Mpata umenewu si wa mzinda. Uyenera kutsekedwa ndi eni ngongole povomera kuluza.

Ndi mmene zigoba zambiri zinatsitsimukira. Hotela ya Fontainebleau ku Las Vegas inaima mu 2009 itadya pafupifupi $2 biliyoni. Mu 2010 Carl Icahn anaigula kudzera m'khothi ndi ndalama pafupifupi $150 miliyoni. Inadutsabe m'manja ena ndipo inatsegulidwa mu Disembala 2023. Ku Chicago, Waterview Tower, m'mphepete mwa mtsinje pakati penipeni pa mzinda, inakonzedwa kuti idzafike nsanjika pafupifupi 90 ndi hotela ya Shangri-La, koma inaima mu 2008 isanafike pa nsanjika 30. Kampani ya Related Midwest inasintha pulani yonse: inatsitsa msinkhu kufika pa nsanjika pafupifupi 60, inasiya za hotela, n'kumanga nyumba zogona za lendi, ndipo inamaliza mu 2014. Chimene chinagwira ntchito ndi kutsika kwa mtengo wa chigoba ndi kumanga chimene msika unkafuna nthawi imeneyo.

Tsono pali mtundu wina wa mpata. Tinene kuti kumaliza kukufuna K9.5 biliyoni, osati K8 biliyoni. Ngakhale chigobacho chitaperekedwa ulere, womaliza sapeza phindu loti banki ingamukhulupirire. Palibe adzabwere, ndipo chigobacho chipitiriza kugwetsa mitengo ya nyumba zoyandikana, kuthamangitsa makasitomala a masitolo apafupi, ndi kudyera khonsolo ndalama za chitetezo. Apa pokha m'pamene khonsolo ili ndi chifukwa cholowererapo, ndipo iyambe ndi zotchipa.

Zotchipa kwambiri sizifuna ndalama: kutsitsimutsa chilolezo chimene chinatha, kuika ofesala mmodzi woyendetsa mapepala onse kuti asagone m'maofesi miyezi isanu ndi umodzi, kulola kuti maofesi asanduke nyumba zogona, kuchepetsa chiwerengero cha malo oimika galimoto amene pulani yakale inkafuna. Mwezi uliwonse umene wapulumutsidwa ndi chiwongoladzanja chimene sichilipidwa. Kenako pali ntchito zimene ndi za khonsolo kale, monga paipi yaikulu ya zonyansa, ngalande, msewu ndi magetsi a mumsewu. Zimenezi zimatsala za anthu onse ngakhale womalizayo atalephera.

Za misonkho zimabwera pambuyo. Njira yodziwika ku America ndi Tax Increment Financing, mwachidule TIF, imene inayambira ku California mu 1952. Khonsolo imalemba msonkho umene malowo akulipira lero, tinene K20 miliyoni pachaka. Nyumba ikatha msonkho ukwera, tinene kufika K120 miliyoni. K20 miliyoni yakale imapitabe ku thumba la khonsolo monga kale. Pa K100 miliyoni yowonjezerekayo, gawo lina, tinene 70 peresenti kwa zaka 10, limabwezedwa kwa womaliza. Zonse pamodzi ndi K700 miliyoni, ndipo zaka 10 zikatha khonsolo imatenga zonse. Ku Illinois dera la TIF limakhala zaka 23. California yomweyo inathetsa mabungwe ake oyendetsa njirayi mu 2012, boma litaona kuti ndalama zambiri zoyenera kupita ku sukulu ndi ntchito zina zinkatsekeredwa kumeneko. Zimenezi zikusonyeza kuti dandaulo lanu, Mayi, lili ndi maziko.

Pali njira ziwiri zoperekera TIF, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Khonsolo ingakongole ndalama lero n'kupatsa womaliza, poyembekeza kuti msonkho wa m'tsogolo udzabweza. Nyumba ikaimanso, ngongoleyo yatsala pamutu pa anthu a mumzinda. Kapena khonsolo ingauze womaliza kuti: maliza ndi ndalama zako, lipira msonkho wonse, ndipo chaka chilichonse tidzakubwezera gawo lako. Nyumba ikapanda kutha, khonsolo sinataye tambala. Pa chigoba chimene chinalepherapo kale kamodzi, ife timavomereza njira yachiwiriyi yokha. Choopsa kuposa zonse ndi khonsolo kusainira ngongole ya womaliza ku banki.

Mgwirizano wabwino umadziwika ndi zinthu izi. Womaliza atsegule mabuku ake kwa katswiri wosankhidwa ndi khonsolo, osati wolipidwa ndi iye. Asonyeze kalata ya banki ndi ndalama zake asanasainirane. Pakhale tsiku loyambira ndi tsiku lomalizira, ndipo akaphonya thandizo lichepe kapena lithe. Pakhale malire a ndalama zonse zimene angalandire. Akagulitsa nyumbayo ndi phindu loposa limene ananena, khonsolo ibwezeredwe gawo. Thandizo lisasamukire kwa wogula wina popanda chilolezo. Ndipo makhansala avote poyera, manambala atafalitsidwa. Chenjezo lina: khonsolo isalengeze kuchuluka kwa thandizo malonda a chigoba asanatheke, chifukwa wogulitsa amangokweza mtengo ndi ndalama zomwezo.

Kuno ku Johannesburg nyumba zambiri za m'tauni zinasiyidwa ndipo abale athu akukhala momwemo. Ndimamva za UDZ. Kodi imathandiza? Bambo a ku Mayfair, Johannesburg

Bambo, UDZ, kutanthauza Urban Development Zone, ndi chilimbikitso cha msonkho chimene boma la South Africa linakhazikitsa mu 2003 pofuna kutsitsimutsa pakati pa mizinda ingapo, kuphatikizapo Johannesburg. Wokonzanso nyumba yakale m'dera losankhidwalo amachotsa 20 peresenti ya ndalama zokonzera pa phindu lake lokhomeredwa msonkho chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Womanga yatsopano amachotsa 20 peresenti chaka choyamba ndi 8 peresenti pachaka kwa zaka 10 zotsatira. Khonsolo imapereka chikalata chotsimikiza kuti nyumbayo ili m'deralo, koma msonkho wochepetsedwawo ndi wa boma, wotoleredwa ndi bungwe la misonkho la SARS. Ubwino wake ndi umene tanena pamwambapa: munthu amapindula atamanga kale. Kufooka kwake n'kwakuti imathandiza amene ali ndi phindu loti lichepetsedwe msonkho. Sipatsa munthu ndalama zoyambira.

Pa nyumba zimene muli anthu, UDZ payokha sifika pa gwero la vuto. Lamulo la South Africa la mu 1998 lotchedwa PIE sililola kutulutsa anthu popanda chigamulo cha khothi, ndipo pa mlandu wa Blue Moonlight mu 2011 khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti mzinda uyenera kupereka malo ongoyembekezera kwa amene angasowe pokhala. Ngati mzinda ulibe malo amenewo, ntchito siyamba, kaya msonkho utsike bwanji. Ku Caracas m'dziko la Venezuela, nsanja ya nsanjika 45 yotchedwa Torre de David inaima mu 1994 mabanki atagwa, mabanja anayamba kulowamo mu 2007, ndipo boma linayamba kuwasamutsa mu 2014 litawapezera nyumba kwina.

Abale amene akukhala m'nyumba zoterezi auzeni ayang'ane zinthu zitatu lero lomwe: kodi masitepe otulukira alipo awiri ndipo ndi osatsekedwa ndi geti kapena tizipinda ta matabwa, kodi mawaya a magetsi ndi ongokoka osadutsa pa chodulira, kodi pansi pa masitepe pali zinyalala zoyaka. Moto wa pa 31 Ogasiti 2023 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mu Johannesburg momwemo, unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi, ndipo nyumbayo inali ya mzinda womwewo.

Bambo athu anamwalira atasiya nyumba ya nsanjika zitatu m'tauni, silabu yachiwiri itathiridwa, pamwamba pali zitsulo zokha. Patha zaka zisanu ndi ziwiri. Khonsolo yatilembera kalata. Tiyambire pati, ndipo tingapemphe chiyani? Mayi a ku Limbe

Pepani ndi imfa ya bambo, Mayi. Kalatayo musaikhalire. Anthu a ku Blantyre amakumbukira kampeni ya Red Star, pamene nyumba zosaoneka bwino zinkalembedwa nyenyezi yofiira kuti eni ake akonze kapena agwetse, ndipo khonsolo imamvera bwino munthu wobwera ndi mapepala kusiyana ndi wobwera ndi malonjezo. Yankhani polemba, mupemphe miyezi itatu yokonzera dongosolo.

Yambani ndi umwini, musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi. Ngati malowo akadali m'dzina la malemu, pakufunika zikalata za khothi zoyendetsera chuma cha masiye, motsatira lamulo la mu 2011 la chuma cha anthu omwalira, ndipo ana onse ndi mayi agwirizane polemba kuti woyendetsa ndani. Kenako loya akafufuze ku kaundula wa malo ngati pali chikole cha banki kapena chiletso chimene wina analembetsa, komanso zaka zotsala pa lizi ndi ngongole ya lendi ya malo. Palibe banki kapena mnzanu wa bizinesi amene adzaike ndalama pa malo amene mwini wake sakudziwika.

Chachiwiri ndi injiniya wolembetsedwa, achite zimene tafotokozera bambo a ku Ndirande. Zitsanzo za konkire zingayezedwe ku labotale ya yunivesite ya MUBAS konko ku Blantyre kapena ku Central Materials Laboratory ku Lilongwe. Funani mapulani oyambirira, makamaka a zitsulo. Akasowa, injiniya ayenera kufukula pambali pa maziko awiri kapena atatu kuti aone kukula kwake, chifukwa nyumba zina zinathiridwa maziko a nsanjika ziwiri mwini wake n'kudzaganiza zachitatu pambuyo pake.

Chachitatu, wowerengera mitengo alembe mtengo womalizira pa mitengo ya lero. Kaundula wakale wa mitengo wa bambo sangagwirenso ntchito: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zitsulo, magalasi, mawaya ndi matailosi zambiri zimachokera kunja. Pa nyumba yoima kale onjezerani 15 mpaka 20 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, chifukwa mipaipi ya mawaya yokwiriridwa m'silabu imapezeka yodzaza matope ndipo zina zimadziwika ntchito itayamba. Mumuuze agawe mtengowo pawiri: kumaliza pansi pokha, ndi kumaliza zonse. Kawirikawiri chanzeru ndi kumaliza masitolo a pansi kuti lendi iyambe kulowa. Koma silabu ya pamwamba iyenera kutsekedwa kuti isadonthe, madzi apatsidwe potulukira, bowo la masitepe lifoleredwe, ndipo m'mphepete mutchingidwe kuti kanthu kasagwere anthu odutsa.

Ku khonsolo pemphani zimene ili ndi mphamvu yopereka. Msonkho wa katundu wolowa m'dziko ndi VAT si zake, ndi za boma kudzera ku MRA. Zake ndi mapulani, zilolezo ndi msonkho wa nyumba. Pemphani kuti pulani ivomerezedwenso, kuti akuloleni kumanga m'magawo ndi kutsegula gawo la pansi likayenderedwa, ndiponso kuti ngongole ya msonkho wa zaka zisanu ndi ziwirizo muilipire pang'onopang'ono. Mungapemphenso kuti chindapusa cha kuchedwa chichotsedwe mukamaliza gawo loyamba pa tsiku limene mwagwirizana. Chilichonse chimene mwagwirizana chikhale cholembedwa ndi chosainidwa ndi mkulu wa khonsolo, osati mawu a pakamwa a ofesala.

Pamene mapepala akuyenda, tetezani chimene chilipo mvula isanayambe. Tsegulani mabowo otulutsira madzi pa silabu, zulani udzu ndi timitengo tomera m'ming'alu, tsekani khomo la masitepe ndi geti lachitsulo. Zitsulo zotulukira pamwamba zikwecheni ndi burashi ya waya, muzipake phala la simenti ndi madzi, kawiri. Musazipake oilo kapena girisi, chifukwa konkire yatsopano sidzagwirana nazo.